Bambo Mphindi Akana Kufa

4 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula msana umene ukudandaula ndi mpando wa kuntchito. Abwana analonjeza chaka chatha kuti agula wina, ndipo lonjezolo likadali ndi moyo.

Pamodzi ndi kalatayi mulandira buku langa lachitatu, Mphindi Zisanu Zotsala. Kazitape wanga uja, Mthunzi, wabweranso, ndipo ulendo uno akusakasaka zigawenga zimene zikufuna kuphulitsa bwalo la ndege. Ndikudziwa zimene munene, zoti ine sindinakwerepo ndege ndipo ntchito yanga ndi kuwerenga makatoni a matailosi m'nyumba yosungira katundu. Sindikana. Koma kubwalo la ndege ndinapitako kawiri. Ndinakhala pabenchi ndi kope langa kuyambira m'mawa, mpaka mlonda anabwera kudzandifunsa kuti ndikudikira ndani. Ndinati amalume. Dzuwa litapendeka anandimvera chisoni nandigulira tiyi, amvekere abale ndi otero.

Mkonzi wanga akuti bukuli laposa awiri oyamba aja. Awerengi ayamba kale kulemba makalata. Bambo wina wopuma pantchito walemba masamba anayi kundiuza kuti mfuti ya pa tsamba 40 simalowa zipolopolo khumi ndi ziwiri, imalowa zisanu ndi zitatu, ndipo akuti ndipepese. Mayi wina akufunsa ngati Mthunzi ali pabanja. Wina akuti anapitirira siteji yake ya basi ali m'kati mowerenga, anakatsikira kudepoti, ndipo akuti mlandu ndi wanga.

Ndiuzeni za kwathu. Mwendo wa amayi uli bwanji? Kodi akumwa mankhwala kapena akuwabisabe m'thumba la pilo? Nanga alamu, chiwotchi cha pakhoma cha kusukulu chija anachigonjetsa? Mukamaliza kuwerenga bukuli muwapatse. Ndikudziwa kuti sakonda nkhani zopeka, koma ili ndikuganiza kuti liwagwira mtima.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza


26 Febuluwale

Iwe Chitsiriza,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatilera choncho. Tonse tili moyo. Mwendo wa amayi uli bwinoko. Tsopano khala pansi.

Buku lako linafika. Ine kusitolo ya mankhwala ntchito inachuluka, ndiye ndinawapatsa alamu ako ndisanaliwerenge. Ananyadira kwambiri. Analiika pakauntala pakati pa mawotchi, ndipo tsiku lililonse cha m'ma folo koloko, makasitomala akachepa, ankawerenga mutu umodzi mokweza. Omvera ankakhala a Wometa, a Telala, ndi a Nsapato aja a pakona, kenaka ndi aliyense wodutsa. Pofika mutu wachisanu anthu ankabwera ndi mipando yawo. A Wometa anasiya munthu atametedwa mbali imodzi kuti amve ngati Mthunzi atuluke m'thanki ya madzi muja.

Lachinayi sabata yatha anafika pa tsamba 112, pamene Mthunzi akuonana koyamba ndi mkulu wa zigawenga, Bambo Mphindi. Ine ndinali pomwepo, ndinawabweretsera ambulera. Alamu ako anawerenga kuti munthuyo ndi wokonza mawotchi. Anthu anaseka. Anawerenga kuti ndi wamfupi, wadazi, amavala juzi yobiriwira ngakhale kutenthe, ndipo kagalasi koonera tizitsulo amakaiwala pamphumi. Kuseka kunachepa. Kenaka alamu ako anatsokomola kawiri monga amachitira asanalankhule, nawerenga kuti Bambo Mphindi anatsokomola kawiri asanalankhule.

M'sitolo munangotsala phokoso la mawotchi. A Telala anayang'ana juzi. A Nsapato anayang'ana pamphumi, pamene kagalasi kanali phee. Alamu ako anatseka buku, nati kwa lero basi.

Tsiku lotsatira aphunzitsi aakulu anabwera kudzatenga chiwotchi cha kusukulu chisanathe kukonzedwa. Anati si kuti akukayikira aliyense, koma m'sukulumo muli ana. Mayi wa pabekale anatenga wotchi ya malemu amuna ake ali chinyamulire kutali ndi thupi ngati mphika wowira. A Wometa akuuza makasitomala awo kuti iwo anazindikira kalekale, munthu sangakhale chete chonchija popanda chifukwa.

Alamu ako sakudya bwino. Juzi avula, ndipo tsopano ali ndi chimfine chenicheni, koma akuopa kutsokomola. Amathamangira kuseri kwa sitolo.

Nkhuyu wadya ndi iwe, mimba ikupota akuluakulu. Unaganiza chiyani? Pa anthu onse a padziko, wosankha kumupatsa mabomba ndi munthu amene amatulutsa kangaude m'nyumba ndi kapepala kuti asamupweteke? Yankha msanga.

Achemwali ako


1 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Moni nonse. Sindinalandirebe yankho lanu, ndiye ndikuganiza kuti buku lakugwirani mpaka mwaiwala positi. Ndikhululuka.

Ndili ndi nkhani yabwino. Bukuli alisindikizanso kachiwiri, ndipo mukudziwa amene anthu amukonda? Si Mthunzi ayi, ndi Bambo Mphindi. Makalata akubwera ngati mvula. Wolemba ndemanga wa m'nyuzipepala, amene buku langa loyamba anati ndi labwino kuyatsira mbaula, tsopano akuti sanaonepo chigawenga chooneka chenicheni chotere. Mtsikana wina walemba kuti akamva munthu akutsokomola kawiri m'basi amatsika. Mkonzi wanga akuti popeza Bambo Mphindi anathawa kumapeto, buku lachinayi likhale lake.

Apa ndiye ndikufuna thandizo lanu. Pofika pano mwazindikira kumene ndinamutenga, ndipo ndikhulupirira mwaseka. Zambiri ndinazitola m'makalata anu omwe, pakuti palibe amene amawaona alamu bwino kuposa inu. Koma nkhokwe yatha. Ndiuzeni zina. Akakwiya amatani? Makiyi a kabati ya m'sitolo amawabisa pati? Kodi pali chimene amaopa? Muziwayang'anitsitsa sabata ziwiri zokha, muzilemba chilichonse, ngakhale chooneka chachabe. Koma iwo musawauze, chifukwa munthu akadziwa kuti akuonedwa amasintha mayendedwe.

Pa 15 mwezi uno ndikalankhula pawailesi, masana itangokwana thu koloko. Muwauze amayi atchere khutu. Ndagula malaya atsopano, ngakhale mnzanga wa kuntchito akuti pawailesi malaya saoneka.

Kalatayi ndatumiza ku bokosi la positi la kusitolo ya alamu, chifukwa la kunyumba limachedwa.

Mlongo wanu,
Chitsiriza


12 Malichi

Kwa Alamu,

Ndikupereka moni. Ndikhulupirira ntchito ya matailosi ikuyenda bwino, pamodzi ndi ntchito inayo.

Kalata yanu ya pa 1 Malichi inafika m'bokosi langa. Ndinaitsegula poganiza kuti ndi ya kampani ya mabatire. Sindipepesa, chifukwa ndaphunziramo zambiri.

Buku lanu ndalimaliza ndekha, chamumtima. Sindine munthu wa zolembalemba, koma ndakonza mawotchi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ndiyenera kunena kuti wotchi ya pa tsamba 203 singayende. Mwalemba kuti munthu uja anapukusa sipuling'i kubwerera kumanzere. Wotchi yotero imathyoka pomwepo. Mwalembanso kuti anapukuta galasi ndi malaya. Zoti mwandipanga chigawenga ndi nkhani ina, koma mwandipanga chigawenga chosadziwa ntchito, ndipo anthu a mumsewu uno awerenga zimenezo.

Ndikukumbutsani kuti makina olembera amene munalembera nkhani yanu yoyamba ndinawatola ine kwa ogulitsa zitsulo, ndinawakonza Masabata atatu otsatizana, ndipo chilembo cha "e" ndinachisula ndekha. Sindinadziwe kuti ndikunola mpeni wodzandichekera.

Koma chimene ndalembera ndi ichi. M'buku lanu, amene akuulula Bambo Mphindi kwa kazitape ndi mkazi wake. Amamuyang'ana mwakachetechete, nalemba zonse m'makalata. Nditawerenga ndinati ndi nkhani yopeka. Tsopano ndili ndi kalata yanu m'manja, imene ikuti zambiri munazitola m'makalata a achemwali anu, ndipo mukuwatuma kuti afufuze kumene ndimabisa makiyi.

Ndinawafunsa ngati akhala akulemba za ine. Anati inde. Ndinafunsa kuti kuyambira liti. Anati kuyambira pamene munachoka pakhomo, zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Sindinafunsenso china.

Panopa ndikugona kusitolo, kuseri kwa kauntala. Pali malo okwanira munthu wamfupi, monga mwalembera. Makasitomala sakundisokoneza chifukwa kulibe. Dzulo ndakonza wotchi imodzi, yanga yomwe, imene sinali yowonongeka.

Makiyi ndimabisa m'chitini cha polishi. Lembani, musavutitse achemwali anu.

Ine,
Alamu anu


20 Malichi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndikulemba ndekha, ndiye zilembo zikapendama usadabwe, magalasi anga ali kwa alamu ako ndipo kumeneko masiku ano sikopitika. Kodi uli bwino? Ukudya? Pawailesi mawu ako amamveka ngati a munthu woonda.

Tinakumvera tonse. Ndinaitana anzanga atatu a kwaya. Unayamba bwino, unathokoza Mulungu ndi aphunzitsi, ngakhale ine sunanditchule. Kenaka mtsikana wa pawailesi uja atakufunsa ngati Bambo Mphindi ndi munthu weniweni, iwe unaseka n'kunena kuti alipo ndithu, amakonza mawotchi mumsewu umene unakulira, moyang'anizana ndi wometa. Mnzanga mmodzi anadzuka n'kupita osatsanzika, tiyi ali m'kapu.

Mwana wanga, moto unali utayamba kuzilala, iwe wathirapo palafini.

Tsopano ndikufunse, ndipo undiyankhe zoona chifukwa ndinakubala ndine. Anthu kuno akuti za matailosi ndi chiphimbamaso, iwe ndiwe kazitape weniweni, ndipo Mthunzi ndi iweyo. A Telala akuti n'chifukwa chake sunakwatire. Ine ndinawauza kuti mwana wanga mpaka ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankaopa nkhuku, ndipo akanama makutu amagwedera. Koma pambuyo pake ndinaganiza kuti mwina anakuphunzitsa. Ngati ndi zoona, usiye. Pita ukawauze akuluakulu ako kuti mayi ako akana. Ntchito yolumpha pamadenga a sitima si ya munthu wa msana ngati wako.

Mlongo wako ali kuno kwa ine masiku ambiri. Akuti kunyumba kwake kwakula. Salira pamaso panga, koma akuchapa makatani amene anachapa Lolemba. Banja la zaka makumi awiri ndi ziwiri, losamvekapo phokoso, lero likugwedezeka chifukwa cha buku la chikuto cha munthu wothamanga ndi mfuti.

Ndikulemba pano, mdzukulu wa a Nsapato, namwino uja, wangondiuza kuti galimoto ya polisi yaima pasitolo ya alamu ako. Watsika wapolisi wamkulu, wa nyenyezi paphewa, walowa, ndipo atseka chitseko. Akuti patha ola ndi theka asanatuluke. Msewu wonse uli pakhonde la a Wometa. Ndikuthamangira kupositi isanatsekedwe, zina udzamva.

Ngati uli ndi anzako kumeneko m'maofesi obisika, ino ndiyo nthawi yowapempha.

Mayi ako


2 Epulo

Okondedwa Alamu,

Moni, ngati mungaulandire. Makalata atatu, ya achemwali, yanu ndi ya amayi, andipeza tsiku limodzi dzulo. Anali m'dirowa ya mlembi wa kuntchito, amene anapita kutchuthi ndi kiyi. Ndinawawerenga nditakhala pakatoni ya matailosi. Sindikudziwa ngati kalatayi ikupezani kusitolo kapena m'chitokosi.

Ndalakwa. Ndinkaganiza kuti mudzaseka. Ndikuuzeni zoona zake. Pamene ndinkafuna mdani woti Mthunzi amuope, ndinayesa anthu a zipsera kumaso ndi a mawu aakulu, koma onse ankaoneka ngati zidole. Kenaka ndinadzifunsa kuti munthu wanzeru ndi wodekha kuposa onse amene ndikuwadziwa ndani, woti atafuna kugwedeza dziko palibe angamugwire. Ndinakumbukira inu mutawerama pa wotchi ya mayi wina maola atatu, osapuma, kufunafuna kachitsulo kochepa ngati njere ya mchenga. Ndinatenga kudekha kwanu n'kukupatsa munthu woipa. Juzi ndi chifuwa ndikanazisiya, koma dzanja linathamanga.

Ndachita zinthu zitatu. Ndalembera mkulu wa polisi wa kwanuko kuti ine ndine wowerenga matailosi wabodza lambiri, ndipo inu simunaphulitsepo ngakhale baluni. Chachiwiri, Bambo Mphindi ndamupha. M'buku lachinayi akugundidwa ndi galimoto ya buledi pa tsamba lachiwiri, akuwoloka msewu, ndipo satchulidwanso. Mkonzi wanga wakwiya mpaka wandimenyera tebulo, koma chibale ndi fupa.

Chachitatu ndi phukusi limene labwera ndi kalatayi. Muli makalata onse amene achemwali anandilembera m'zaka khumi ndi zinayi, 163, ndawasanja motsata masiku. Sindinawapemphe chilolezo, ndipo ndikudziwa kuti adzandisenda. Koma iwo sanakhalepo kazitape wa munthu. Wakuba ndine, amene ndinalowa m'makalata a mlongo wanga n'kutolamo zokometsera buku. Werengani nokha muone chimene ankalemba.

Amayi muwauze kuti sindine Mthunzi. Nkhuku ndimaziopabe.

Mlamu wanu wochimwa,
Chitsiriza


6 Epulo

Chitsiriza,

Moni. Kukhala chete kwakoku sindikudziwa ngati ndi manyazi kapena positi, koma ndikulembera kuti umve mapeto a nkhani ya apolisi, poti amayi anakusiyira pakati.

Wapolisi wamkulu uja sanabwere kudzamanga munthu. Anamva pawailesi, ndipo mabuku ako onse atatu ali nawo, lachiwirilo analiwerenga kanayi. Atalowa anavula chipewa, natulutsa buku m'thumba, napempha alamu ako kuti asainire pa tsamba 112. Alamu ako anati iwo si amene analemba. Wapolisiyo anati akudziwa, wolemba ndi wolemba, koma iye akufuna dzanja la Bambo Mphindi. Chitseko anatseka kuti anyamata ake asamuone akujambulitsa atavala kagalasi pamphumi. Pochoka anasiya wotchi yake ya padzanja kuti aitsuke.

Kuyambira tsikulo msewu wathu sunaonenso mtendere. Loweruka kunabwera basi yaing'ono yodzaza anthu a kalabu yowerenga mabuku, azimayi khumi ndi anayi ndi bambo mmodzi wonyamula zikwama. Ena akubwera ndi mawotchi abwinobwino, akuti angowatsegula n'kuwatsekanso. Mnyamata wina wa kuyunivesite anaima pakhomo theka la ola kudikira kuti alamu ako atsokomole, ndipo atatsokomola anaomba m'manja. Juzi yabwerera m'thupi. Aphunzitsi aakulu abweza chiwotchi cha kusukulu, akuti anangokachionetsa kwa komiti. A Wometa alemba pagalasi lawo kuti pano ndi pamene Bambo Mphindi amameta, chonsecho munthuyo ndi wadazi.

Usaganize kuti zatha bwino. Alamu ako akugonabe kusitolo. Ndimawapititsira chakudya masana, amalandira ndi manja awiri n'kunena kuti zikomo mayi, ngati ndine kasitomala. Lachitatu ndinawauza kuti kolala ya malaya awo yapindika. Anaikonza, nandifunsa mofatsa kuti, "Izinso mukalemba?"

Ndinabwerera kusitolo ya mankhwala n'kupatsa munthu wa chifuwa mankhwala a m'maso. Mwayi anawerenga pabotolo.

Ndikuuze chimene chikundiwawa. Anthu onsewa akudziwa chifuwa chawo ndi juzi yawo, akuwajambula, akuwagwira chanza. Koma ine amene ndinaona zimenezo poyamba, ndipo ndinaziona chifukwa ndimawayang'ana, ndine ndasanduka mdani. Munthu salankhula, ukamufunsa za tsiku lake amati linali bwino. Ndikanauza ndani za iye? Ndinkauza iwe.

Amayi akuti ufunse ngati kuntchito kwanu kobisikako amapereka tchuthi.

Achemwali ako


19 Epulo

Kwa Alamu,

Moni. Kalata yanu ndi phukusi zinafika pa 10. Zinandipeza kusitolo, osati m'chitokosi.

Kupepesa kwanu ndakulandira. Mawu oti wodekha ndi wanzeru ndawawerenga kangapo kuti ndione ngati muli chipongwe m'kati, sindinachipeze. Kalata imene munalembera apolisi inafikanso. Mkulu wa polisi anabwera nayo yekha, wokhumudwa, akuti simukanayenera kunena kuti mumawerenga matailosi, mwamuwonongera chithunzi.

Tsopano za galimoto ya buledi. Alamu, anakupatsani chilolezo ndani? Munandilowetsa m'buku osandifunsa, tsopano mukunditulutsa osandifunsanso, ndiponso pa tsamba lachiwiri. Munthu amene anazemba Mthunzi masamba mazana atatu, amene anatuluka pabwalo la ndege atavala ngati wosesa, angafe ndi buledi? Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo sindinawolokepo msewu osayang'ana uku ndi uku kawiri. Nditawauza a Telala anakhala pansi. Azimayi a kalabu yowerenga aja akuti akamva kuti mwachitadi zimenezo abwera kuntchito kwanu onse khumi ndi anayi, ndipo adiresi ndawapatsa.

Ngati n'kofunika kuti afe, afe kumapeto, pa chifukwa chomveka, atavala bwino. Koma ine maganizo anga ndi oti asafe. Munthuyo sanamvetsedwe. Ndaganizira nkhani yake masiku angapo ndikugwira ntchito, ndipo ndikuona kuti akhoza kutembenuka mtima n'kuthandiza Mthunzi, amene kunena zoona ndi mnyamata wopupuluma, wothyola zitseko zimene zili zosakhoma. Zina ndidzakuuzani pamaso. Ndipo musanalembe chilichonse chokhudza wotchi, muzinditumizira ndione.

Za phukusi lija. Ndikuwerenga makalata khumi patsiku, ndikatseka sitolo madzulo. Awa sindikuwerengera anthu. Ndafika chaka chachisanu ndi chinayi. Sindinadziwe kuti chaka chimene ndinadwala chibayo achemwali anu anagulitsa makina awo osokera, anandiuza kuti anawabwereketsa. Sindinadziwenso kuti tsiku limene ndinawakonzera wotchi ya malemu bambo anu analemba masamba atatu. Ine ndimakumbukira kuti anangoti zikomo.

Pali zolakwika zingapo m'makalatamo, koma ndidzakambirana ndi mwini wake.

Ine,
Alamu anu


28 Epulo

Iwe Chitsiriza,

Moni. Amayi ali bwino, ndipo akhumudwa pang'ono kumva kuti sindiwe kazitape, chifukwa kukwaya anali atayamba kuwapatsa mpando wakutsogolo.

Ndiyambe ndi mlandu wako. Makalata anga unawatumiza kwa mwamuna wanga. Onse. Ngakhale ija ndinalemba kuti achibale awo akabwera amadya ngati dzombe, ngakhale ija ya chaka chachitatu imene ndinati ndatopa, ndikufuna kubwerera kwa amayi. Ndinazidziwa Lachisanu lapitalo, nditapita ndi chakudya n'kuona envelopu ya dzanja langa ikusuzumira pansi pa nyuzipepala. Ndinasiya mbale pakauntala n'kutuluka, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu oti ndidzakulalatire. Ndikadali nawo, ndawasunga, udzawamva ukadzabwera.

Lolemba sindinapite kuntchito. Ndinali kunyumba kwathu, ndikusita, cha m'ma leveni m'mawa. Ndinamva kiyi pachitseko. Analowa alamu ako atanyamula bulangete lawo kukhwapa, dzanja linali ndi katoni ya matailosi yodzaza makalata. Sitolo anatseka dzuwa likuswa mtengo, anthu atatu ali pamzere panja, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku la ukwati wa mng'ono wawo.

Anaika katoni patebulo, bulangete pampando. Anaima pakati pa chipinda ngati mlendo wosadziwa pokhala. Ine ndinapitiriza kusita pilokesi imene inali itasitidwa kale. Anandifunsa ngati makina osokera aja ndikudziwa kumene anapita. Ndinati kwa mayi wina amene anasamuka kalekale. Anagwedeza mutu. Anati kalata ya chaka chachitatu aiwerenga kawiri, ndipo akufuna kudziwa chimene chinandibweza. Ndinati awerenge yotsatira yake. Anati awerenga, koma akufuna amve pakamwa panga. Ndinawauza. Zimenezo si zako.

Kenaka anatulutsa kapepala m'thumba la juzi, pamene analembapo zolakwika zimene anapeza m'makalata 163. Zinalipo ziwiri. Choyamba, wotchi ya bambo inali ndi miyala khumi ndi isanu ndi iwiri m'makina mwake, osati khumi ndi isanu. Ndinavomera. Anayang'ana kapepala kaja nthawi yaitali, makutu atafiira.

"Chachiwiri," anatero, "mwalemba m'makalata makumi anayi ndi imodzi kuti ndimaliza mkonono. Ine sindiliza mkonono."

Ndinati chabwino, bambo, simuliza.

Ndinawaphikira, anadya mbale ziwiri, nafunsa ngati angapume pang'ono asanabwerere kusitolo. Anagona pasofa nsapato zili kuphazi. Sipanathe mphindi zitatu. Mawindo ananjenjemera, galu wa aneba anayamba kuyankha, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda kufunsa ngati tagula jenereta.

Ine ndinazimitsa simbi, ndinakoka mpando, ndinakhala pafupi n'kumamvetsera. Masabata asanu ndi awiri m'nyumba muno munali zii. Kusitolo sanabwererenso tsiku limenelo, ndipo sindinawadzutse.

Achemwali ako